Lilime la Kwathu m'Nyumba ya a Hugill

London,
Novembala 1887

Okondedwa achimwene Lancelot,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga chifuwa cha bambo chija chinaleka? Kuno chisanu chayamba kale, ndiye kwathuko ndikudziwa kuti nkhosa mwazitsitsa m'mapiri. Ine m'thupi ndili bwino, koma mumtima ayi. Kalatayi muwerenge panokha, mayi asamve.

Pamene a Hugill, eni munda umene bambo amalima, ankanditenga, tonse tinkati ndikukagwira ntchito ya m'nyumba. Si imeneyo ayi. Akuluwa maso awo anafa, ndipo akukonza zosindikizanso ndakatulo zamakedzana, za anthu amene mafupa awo anasanduka dothi kalekale. Ntchito yanga ndi kuwawerengera mokweza, kuyambira m'mawa mpaka madzulo, mabuku onunkha chinyontho.

Poyamba ndinkadabwa kuti kodi mu London monse muno anasowa wodziwa kuwerenga? Nkhani yake ndi iyi. M'ndakatulo zimenezi mizere imayenda iwiriiwiri, mawu otsiriza n'kumamveka mofanana. Akawerenga munthu wa kuno mizere ina sikumana, chifukwa katchulidwe kanasintha. Koma ndikawerenga ine, momwe timatchulira nyumba, ng'ombe kapena mwala kwathu ku Orton, imakumana bwinobwino. Akuluwo amachita kuwomba m'manja, akuti m'kamwa mwanga muli Chingerezi cha makolo chimene ena onse anataya. Kayankhulidwe komwe kaja ankatikwapulira aphunzitsi kusukulu!

Ndiye lilime langali akulisunga ngati mkaka woopa kusasa. Kumsika sindipita. Kutchalitchi ndimapita nawo pangolo, kukhala pambali pawo, mapemphero akatha ulendo wobwerera. Antchito anzanga anawaletsa kucheza nane, akuti angandipatsire kayankhulidwe ka m'tauni. Chakudya ndimadyera ndekha m'chipinda cha mabuku. London amene mumandifunsa uja ndimamuonera pawindo, ndipo ndi utsi wokhawokha. Sandimenya, sandikalipira, nsapato anandigulira. Koma achimwene, ndatopa, moti masiku ena ndimangozindikira ndikucheza ndi mphaka.

Ndinapempha kuti ndibwere kumudzi pa Khirisimasi. Anayankha kuti buku likatha. Litatha anatsitsa lina, ndipo otsala afika kudenga.

Apa m'pamene ndinachita nzeru zanga. Wophika wa pano, Mayi Tibbs, ndi mayi wa pakamwa posatseka, lamulo la bwana amalimvera bwanayo akakhala maso basi. Tsiku lina anandikoka m'khonde amvekere, "Iwe namwali, akuweta ngati mbalame chifukwa cha chiyankhulo cha kubusa nkhosacho? Tabwera kuno ndikuwonongere, akuthamangitsa okha." Kuyambira pamenepo, bwana akagona masana ndinkazembera kukhitchini. Iwo akusenda mbatatesi, ine n'kumabwereza mawu pambuyo pawo. Ankaseka mpaka misozi: "Tsegula pakamwapo mwana iwe, ukundilirira ngati nkhosa ya abambo ako!" Kunena zoona, chibwerere kuno ndi nthawi yokhayo imene ndinasekako.

Lachiwiri lapitali ndinawawerengera a Hugill m'kayankhulidwe ka kuno. Mzere woyamba, wachiwiri, osakumana. Anati ndibwereze, ndinabwereza chimodzimodzi. Kenako, osakwiya n'komwe, anati tauni yandidya lilime, si mlandu wanga, ndikhoza kupita kwathu. Mtima wanga unachita kudumpha. Ndisanathokoze anafunsa za mng'ono wathu Dinah, kuti kodi uja ankaimba bwino kutchalitchi wakula tsopano, poti iyeyo sanatulukepo m'mudzi ndipo lilime lake silinakhudzidwe. Anati alembera bambo kalata yomuitanitsa. Walira mvula walira matope.

Inu mukudziwa kuti bambo sangawakanire. Pangano la munda likutha chaka chamawa, ndipo mwini nthaka sitimupukusira mutu. Mukumudziwanso Dinah, munthu wosakhazikika m'nyumba ngakhale kunja kukugwa chipale. Ine ndimapirira poti ndinabadwa wofatsa. Iyeyo muno angapenge.

M'mawa mwake ndinalowa n'kuwerenga m'chikwathu chenicheni, cha kumapiri, ndipo ndinanama kuti dzulo lija chinali chimfine chabe. Anasangalala ngati mwana. Koma kalata inali itapita kale, ndipo tsopano akuti kukhala ndi atsikana awiri n'kwabwino koposa, wina akadwala wina aziwerenga. Ndinalira, achimwene, koma mwakachetechete, poti makutu awo ndi akuthwa.

Pempho langa ndi limodzi. Isaac Metcalfe, mnyamata wa kuchigayo uja, anamufunsira Dinah, inu n'kunena kuti adikire kaye poti alibe kanthu. Mulekeni amutenge. Dinah amamufuna, anandiuza yekha ndisanachoke. Muwanyengerere bambo, mupite kwa abusa kuti ayambe kulengeza ukwatiwo Lamulungu likubwerali, kalata ya a Hugill isanayankhidwe. A Hugill sangaitanitse mkazi wa mwini, ndipo bambo adzakhala sanakane kanthu, munda n'kutsala m'manja mwawo. Ndikudziwa kuti Isaac simumukonda, koma munthu wosauka amene amaseka naye aposa nyumba ino ndi makapeti ake.

Za ine musavutike. Mayi Tibbs andikwiyira, akuti ndawatayitsa nthawi ndipo ndine wamantha ngati anthu a kwathu. Kukhitchini sindipitakonso, ndikuopa kuti lilime lingaterereke zenizeni bwana n'kukumbukanso za Dinah.

Mundiperekere moni kwa bambo ndi mayi, kwa alamu, kwa azakhali a ku Tebay, ndi kwa ana onse mmodzimmodzi. Dinah mumupatse riboni imene ndaika m'kalatamu kuti adzamange kumutu tsikulo. Zonsezi musamuuze. Akafunsa chifukwa chimene sindibwera kuukwati wake, mungoti mkulu wakeyo London wamukomera.

Ndine mlongo wanu,
Tamar