Dimba Lanu Lili M'kati mwa Waya

Mbenje, Nsanje

Okondedwa achimwene Antonio,

Muli bwanji ku Joniko? Nanga alamu a Maureen ndi ana? Kuno tilipo, kungoti dzuwa lake mukulidziwa, nsomba zikuchita kuuma tisanaziyanike.

Uthenga wanu ndinaumva, woti ntchito yatha ndipo mukubwera mu Juni kudzalima dimba lanu. Sabata ziwiri zatha ndikulemba kalatayi n'kumaing'amba. Pa foni sindikanatha kuyankhula.

Achimwene, dimba lija ndinalipereka.

Zaka zitatu zapitazo kunabwera kampani yolima mpunga, eni ake a ku China. Womasulira wawo, a Macdonald, anati dziko limenelo lili ndi ndalama zosowa pozigoneka, ndiye zabwera kudzagwira ntchito kuno. Anati amanga dayiki yotchinga madzi, aika mapampu, ndipo tizikolola kawiri pa chaka. Anzathu onse anasayina lizi, pangano lobwereketsa madimba awo ku kampaniyo. Ine ndinasayina m'malo mwanu, ndili achimwene ndidzawauza mpunga utacha kuti adabwe.

Chimene chikundiwawa n'chakuti ndinkadziwa. Inu ndi ine tinakula tikudikira kuti Shire asefukire, madzi aphwe, tibzale mbatata ndi chimanga m'matope amene atsala. Chonde chonse cha dimba ndi matope amenewo. Koma atanena za dayiki ndinaomba m'manja ngati sindine wa kuno.

Chaka chatha mapampu anazima. A Macdonald anatiuza kuti eni ndalama aona phindu lalikulu ku migodi ya dziko lina, ndiye ndalama zalowera kumeneko. Zinachoka osatsanzika, moti iwonso akuti anangomvera pa foni.

Kampani inapita koma dayiki inatsala. Madzi a chaka chino angodutsa kunja kwake. M'kati mwa waya amene anatchingira madimba athu nthaka yang'ambika, yatulutsa mchere mbuu, ndipo ku ofesi ya za malo akuti lizi idakali ndi zaka makumi awiri.

Ndinalakwa, achimwene, ndipo ndili ndi manyazi. Munandisiyira dimba kuti ndilisunge, ine osakufunsani n'komwe.

Munda wanga wa kumtunda ndaugawa pakati, zikhomo ndakhoma kale. Ndi wamchenga, sindikunamizani, umalola mapira okha. Mudzasankhe mbali imene mukufuna. Ngati n'kundikalipira, mudzandikalipire pakhomo panga, koma mubwere ndithu.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Mulungu akusungeni, akuyendetseni bwino.

Ine mlongo wanu,
Clotilda