Kakatoni Koboola ka Meshack

Kambombo, Chama
Okutobala 1994

Okondedwa alongo anga a Donald,

Muli bwanji ku Kitweko pamodzi ndi alamu? Ife kuno tilipo, kungoti maso angawa aipiraipira.

Kalata yanu inafika. Mwalamula kuti mwana wanu Meshack asiye sukulu, apite ku Chifunda azikapirikitsa njovu m'munda mwa amalume ake mvula isanatseke msewu. Alongo, mtima ukundiwawa.

Chakukwiyitsani ndikuchidziwa. Mutabwera kuno munapeza m'chola mwake buku la zithunzi la tiana ndi kakatoni koboola pakati, mwana wa Giredi 9! Munachita manyazi, koma simunafunse.

Mwanayu ndalera ndine chimwalirire amayi ake, ndipo si wopusa. Akuti akayang'ana tsamba, mizere imabalalika ngati nyerere. Aphunzitsi ena ankangomukwapula. Anazindikira vutoli ndi a Mayi Virginia, oyang'anira laibulale kusukulu kwawo. Anzake akaweruka, amakhala naye pakona. Ndiwo anamudulira kakatoniko, kuti akaika pa tsamba aziona mzere umodzi wokha. Anayamba naye mabuku a tiana, manje ali pa buku la sayansi la kalasi lake. Iwo anandiuza kuti za kukhoza mayeso sangalonjeze, koma mwanayu akachoka pano sadzatsegulanso buku.

Manje mverani. Tsiku limene kalata yanu inafika, a Ennie, anansi anga amene amandiwerengera, anali kumaliro. Meshack anati ndimupatse awerenge ndi iye. Ine osadziwa zili m'katimo, ndinamupatsa.

Anatulutsa kakatoni kake n'kuyamba, pang'onopang'ono. Atafika pamene munalemba kuti mwana uyu mutu wake ndi dzungu, sadzawerenga mpaka kufa, anaima. Ndinati basi mwanawe, leka. Anati ayi, a Mayi Virginia amati mzere sadumpha. Anawerenga mpaka pa dzina lanu, n'kuipinda bwinobwino, n'kupita kukatunga madzi. Ine ndinalira, alongo.

Katundu sindinamumangire, ndipo sindimanga. Chonde, mulekeni alembe mayeso mwezi wamawa. Njovuzo zilipo chaka chilichonse.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana, Mulungu akusungeni nonse. Yankhani msanga mvula isanagwe, koma polemba musankhe bwino mawu. Adzawerenge ndi iye.

Ine mlongo wanu,
Jenny