Nyimbo Yomwe Msuweni Walembetsa

Okondedwa Azakhali,

Ndikhulupirira miyendo ija yasiya kuvuta. Kuno tili bwino, kungoti digiri yanga ikadali mu envulopu, nsapato zatha n'kuyenda m'maofesi.

Mwana wanu ndiye zake zayera. Nyimbo yake ikulira paliponse, mpaka kondakitala dzulo amandiimbira ine kumaso. Wakailembetsa ku ofesi yoteteza ntchito za aluso, ndipo satifiketi waipachika pamsomali pomwe ndinkakoleka tayi. Dzina lilipo limodzi.

Ndasangalala naye, musaganize zina. Pomwe ine ndinkathamangira ntchito, iye anathamangira ku ofesi ija. Mukamuimbira foni, mungomufunsa kuti kolasi ya nyimboyo ankaimva kwa ndani, ine ndikamasita malaya m'chipinda muno. Ineyo sindinamufunse, poti denga ndi lake.

Ndine mwana wanu,
wa kwa achimwene anu.