Esinati Anagwada, Wotchi Ikuyenda

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji?

Ife tilipo, koma mtima wanga suli m'malo. Ndiyambe ndi zabwino. Mpongozi wanu wa ku Kapichi wachira, mwana wamkazi. Kalongonda munadzala kuseri kuja wakwera mpaka padenga, wosowa womuphika bwino chichokereni inu.

Nkhani ndi ya mdzukulu wanu Esinati. Sabata yatha kusukulu ya pa esiteti kunabwera dona wina woyeza nzeru za ana. Akuti opambana apita kusukulu ya mishoni, otsala atenge dengu azikathyola tiyi ngati ine. Anabwera ndi timatabwa tamitundumitundu, chithunzi ndi wotchi. Mwana aziyala timatabwato mofanana ndi chithunzi nthawi isanathe.

Mukudziwa mmene munamulerera mwanayu. Munkati, "Mwana wa munthu sakhudza cha mlendo asanapatsidwe m'manja." Munkatinso wamkulu sayang'anidwa m'maso. Ndiye Esinati analowa n'kugwada, maso pansi, kudikira kuti apatsidwe. Dona anangokankhira timatabwato patebulo n'kudina wotchi. Mwana ali duu, wotchi ikuyenda. Mmene aphunzitsi amamunong'oneza kuti ayambe n'kuti nthawi itatha. Papepala alemba kuti mutu wake ndi wochedwa.

Wochedwa, Esinati! Titangofika kunyumba anatola mapale ndi nyemba, n'kundiyalira chithunzi chonsecho pabwalo kuchokera m'mutu, madzi anga osamba asanatenthe n'komwe. Ndinalira, Amayi. Donayo anayenda ulendo wonsewo kudzayeza nzeru, koma chimene wayeza ndi ulemu wanu, ndipo waupeza wolakwa.

Ndapita kwa aphunzitsi, akuti pepala la mzungu silifufutika. Akapitawo angondiseka, akuti zala za mwanayo n'zabwino pa tiyi. Zala zanga mukuzidziwa, zong'ambika ngati nthaka ya m'chilimwe. Maina apita kumishoni Lachisanu, dona achoka Lachinayi.

Mawa sindipita kumunda, andidule malipiro a pa tikiti ngati afuna. Ndimutenga Esinati tikaime pakhomo pa donayo mpaka amuyezenso. Masiku onsewa ndikumuphunzitsa kutola chinthu osapatsidwa ndi kuyang'ana munthu m'maso. Akungolira, akuti agogo akuona.

Mundikhululukire, Amayi, ndikumasula zimene munamanga. Ine sakundimvera, chonde mumuuze kutulo kuti mwalola. Ndikulonjeza kuti akangotuluka m'chipindamo adzagwadanso, ndipo tidzabwera kudzasesa pamanda panu.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Elube