Mwana wanga akufuna makope anga a mitayo

Aphungu,

Pa 9 Fevereiro chaka chino, Lamlungu titabwera kutchalitchi, tinalipo atatu pakhonde: ine, amuna anga a Belmiro, ndi mwana wathu Tânia amene anabwera kuchokera ku Maputo. Chiyambire tsiku limenelo mtima wanga sukhala m'malo. Ndikakhala pansi kusoka fodya ndimadzuka ndisanafike patali, ndikalowa m'nyumba ndimaiwala chimene ndadzatenga.

Ine sukulu ndinalekeza kwarta, kalasi yachinayi. Tânia ndiye wapita patali. Ali chaka chachiwiri cha maphunziro amene iye amati dotoramentu. Sabaya jakisoni, ntchito yake ndi kuwerenga matenda ndi imfa kuti apeze gwero lake. Abambo ake amamuseka kuti, "Dotolo wanji iwe wosatha ngakhale kuzula dzino?" Iye amati, "Mano anu aja atsala angati, ababa, kuti ndiphunzirirepo?" Nkhani imene akufufuza ndi ya ana ofa pobadwa.

Kwathu kuno mwana wobadwa wakufa timati mtayo. Timakaika ife amayi achikulire tokha, osalira, osaimba, amuna osayandikira, ndipo tikabwerako nkhani yathera pomwepo. Ine ndili m'gulu la oikawo. Pa 3 Janeiro 1998 ndinataya wanga. Popeza panalibe mtanda kapena dzina, ndinaopa kuti ndidzaiwala tsikulo, ndiye ndinalilemba m'kope. Kenako dzanja linazolowera. Tikabwera koika aliyense, ndinkalemba mobisa tsiku, dzina la mayi, maola amene anavutika, ngati mtsinje unali wodzaza, ndi zimene anthu ananena. Ndinkaphatikizanso omwalira asanatuluke m'chikuta. Makope akwana atatu, ana 71.

Tânia anawapeza m'bokosi akufuna chitenje, nkutuluka nawo pakhonde pamaso pa abambo ake. Anawerenga nthawi yaitali chala chili pamzere, kenako anati, "Amayi, mwaona? Mwa 71, okwana 44 ndi a pakati pa Dezembro ndi Marso." Ndinati, "Ndinaona kalekale. Ndi nthawi imene mtsinje sutilola kuwoloka, ngakhale mota, njinga yamoto ija, imabwerera kutsidya." Anati, "Ambiri mwa awa sanalembedwe pena paliponse chifukwa anafera pakhomo. Zimene ndikusaka zaka ziwiri zili m'bokosi la zitenje! Imani ndijambule pafoni." Ndinamulanda. Sindinamulandepo chinthu chikhalire.

A Belmiro anangoti, "Tenthani zimenezo. Anthu akamva kuti mumalemba akufa, dzina la ufiti mwalipeza."

Aphungu, m'makopemo simuli manambala okha. Pa ana 19 ndinalemba kuti anthu akuti bambo anasempha, kutanthauza kuti anayenda ndi mkazi wina mayi ali woyembekezera. Ena mwa abambowo ndi akulu a mpingo lero. Muli atsikana awiri amene anakwatiwa pambuyo pake, amuna awo sadziwa kuti kunali mimba. Amake Cornélio, amene amatitsogolera pa ntchitoyi, anandiuza tsiku langa loyamba kuti, "Zakumeneko sizibwera kumudzi, mwamva?" Ndinavomera.

Pa 12 Fevereiro ndinamuperekeza Tânia kokwerera chapa, minibasi ya kuno. Chapa itafika anati, "Ndiyenera kupereka ndondomeko ya kafukufuku pofika pa 30 Abril. Popanda umboni aphunzitsi andisinthira mutu, ndipo bolsa yanga, ndalama zondilipirira sukulu, itha chaka chamawa. Ndibweranso pa Pasaka. Amayi, mukabisa, ana aja afa kawiri."

Mawu amenewa sakundichoka m'mutu. Ndikamupatsa, ndagulitsa amayi anzanga amene anandionetsa zimene sanaonetse ngakhale amuna awo. Ndikamumana, ndagwetsa mwana wanga, ndipo mwina ndamana thandizo ana amene akubwera. Makope ndawasamutsa kanayi, pano ali m'thumba la nyemba. Pasaka ndi pa 20 Abril. Ndichite chiyani?

H.L., Chidzolomondo


Mayi H.L.,

Choyamba, makopewo achotseni m'nyembamo anankafumbwe asanakuthandizeni kusankha. Musatenthe, komanso musapereke. Munachita bwino kumulanda.

Tânia ndi wanzeru, koma pakhonde paja anathamanga. Ofufuza ali ndi malamulo awo, ndipo iye akuwadziwa kuposa ine. Pali komiti imene imayenera kuvomereza kafukufuku aliyense wokhudza anthu, ndipo nkhani ya munthu satenga mwini wake asanalole. Akanapita ndi zithunzi zija, aphunzitsi ake omwewo akanamufunsa kuti chilolezo chili kuti. Muimbireni sabata ino, osadikira Pasaka. Muuzeni kuti m'ndondomeko yake alembe zoona: kuti kumudzi kuli kaundula wotere, ndi kuti akupempha njira yoyenera yomugwiritsira ntchito. Zimenezo angathe kulemba pofika pa 30 Abril makope ali m'manja mwanu. Dotoramentu yake musaisenze pamutu panu.

Ntchito yovuta ndi yanu. Pitani kwa amake Cornélio nokha, musanauze wina aliyense, mukaulule kuti mwakhala mukulemba. Akwiya, ndipo ali ndi chifukwa, pakuti lonjezo lija munaliswa kale polemba ana a anzanu, ngakhale munaliswa ndi mtima wachisoni. Alekeni akalipe mpaka atope. Akatero muwauze za 44 aja. Mayi amene wakumba timaenje timeneti zaka zonsezi sangaimve nambala imeneyo nkungokhala. Apempheni aitane gulu lonse, ndipo Tânia adzafotokoze yekha, atakhala pamphasa, foni ili m'chikwama.

Gulu likalola, ndipo komiti ija ikapereka kalata, gulani kope latsopano. Mukopere nokha ndi dzanja lanu mwezi, chaka, maola ndi za mtsinje. M'malo mwa dzina ikani nambala. Tsiku lenileni lisiyeni, chifukwa pamudzi tsiku lokha limaulula munthu. Za kusempha zija zisatuluke. Zinali zonena za anthu, inu simunaone, ndipo zingaphwanye mabanja 19 osapulumutsa mwana ngakhale mmodzi. Za atsikana awiri aja, eni ake ndi iwowo, osati gulu. Ngati simungathe kuwafunsa mwakachetechete, achotseni. Kafukufuku wa 69 ndi kafukufuku ndithu.

Gulu likakana, mwakana nanunso. Tânia angathe kuyamba kulemba za kutsogolo, mayi aliyense atafunsidwa poyera. Zichedwa, koma ziyenda.

A Belmiro musawanyoze, mantha awo ali ndi maziko. Chimene chimabala dzina la ufiti ndi kubisa. Amayi anzanu akamva kuchokera pakamwa panu, adzakuikirani kumbuyo. Akamva kuchokera kumsika wa ku Furancungo, mudzakhala nokha.

Ndipo 44 uja sakufunika kudikira kuti wina avale mkanjo womalizira maphunziro. Inu ndi gulu lanu mungayambe chaka chino kulimbikitsa oyembekezera kuti mvula ikayandikira azipita msanga kukadikirira kuchipatala, mtsinje usanatseke njira.

Chenjezo langa ndi ili. Pa Pasaka mwana wanu adzakunyengererani, mwina ndi misozi, kuti ajambule tsamba limodzi lokha loonetsa aphunzitsi. Foni imabedwa, imabwerekedwa, imatumiza molakwitsa. Mukaneni mofatsa monga mumalankhulira, koma mukaneni. Tânia akakwiya adzabweranso, ndi mwana wanu. Tsamba likalowa m'foni silibwerera m'bokosi.

Aphungu