Tisakanize mapilitsi a akazi athu?

Aphungu,

Mwana wanga wamkazi wangondizazira ngati kamwana, ine bambo ake. Mlandu wake ndi uwu.

Mayi ake akudwala matenda opha minyewa yoyendetsa thupi. Anayamba n'kugwetsa sizasi, lero mabatani ndimawamangira ndine. Munthu amene ankapalasa makina osokera pakhonde pathu uku akuimba, ulusi kulowetsa m'singano osayang'ana n'komwe! Madiresi aukwati mumsewu mwathu muno ankasoka ndi iwowo.

Madokotala akuti mankhwala ochiza palibe, koma anawalowetsa m'kafukufuku woyesa mapilitsi atsopano, mwina n'kuchedwetsako matendawa. Chondinyansa n'chakuti ena akupatsidwa enieni, ena ongofanizira opanda kanthu, ndipo ngakhale anamwino sadziwa kuti awa ndi ati.

Pabenchi ya kuchipatala ndinadziwana ndi mkulu wina, kalipentala, nawonso akazi ake ali momwemo. Anati, "Achimwene, tisakanize mabotolo theka theka. Wina akakhala ndi enieni, onse alawako." Ine ndinaona zanzeru. Kale ine ndi mayiwa dzira limodzi tinkadula pakati, palibe ankadya mnzake akuyang'ana. Koma mwana akuti, "Adadi, muwapha amayi." Ine sukulu ndinalekeza kupulayimale, ndiuzeni, kugawana kunayamba liti kukhala mlandu?

Ndilekeze, chakudya chikuzizira, ndipo supuni yawo ndimagwira ndine.

M.B.

Bambo M.B.,

Chikondi chanu ndachimva, koma mabotolowo musasakanize. Mwanayo wakweza mawu, koma wanena zoona.

Mankhwala oyesedwa si dzira. Sizinadziwike ngati amathandiza kapena amavulaza, n'chifukwa chake akuyesedwa. Mayi akadwalika, madokotala amatsata nambala ya botolo kuti adziwe chimene amwa. Mukasakaniza, adzawathandiza mongopapasa. Zotsatira za kafukufukuyo zidzasokonekeranso, odwala ena n'kudzamwa zosathandiza.

Pitani ndi mwanayo kwa anamwino a kafukufuku, mukanene nkhawa yanu mosabisa. Mukafunse ngati onse adzapatsidwe enieniwo akadzapezeka othandiza. Mayiwo mwawafunsa? Thupi ndi lawo, ndipo akhoza kutuluka m'kafukufukuyo tsiku lililonse osataya chithandizo chawo chanthawi zonse. Akalipentala muwauzenso zomwezi.

Ngati mwasakaniza kale, musachite manyazi, kanenani lero lomwe.

Kadyeni, bambo. Mbaleyo gawanani ngati kale, botolo ayi.