Bambo Anavulira Kamera Chipewa

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kaya mwendo wa mayi unaphwa? Ine thupi lili bwino, nkhope ndiyo ndikusowa poyiika.

Mukudziwa kuti ofesi yathu inamangirira makamera m'mitengo ya m'nkhalango yotetezedwa ija, kuti azijambula nyama ndi anthu olowa mozemba. Lachiwiri ndinaima pamaso pa abwana ndi alendo otithandiza, kuonetsa zithunzizo pakhoma. Ndinali ndisanazione zonse, nthawi inathera posankha tayi.

Inatuluka nguluwe, anthu anaomba m'manja. Kenaka anatuluka bambo. Bambo athu omwewa, khungwa la mtengo lili paphewa, chipewa agwirizira pachifuwa, ataweramira kamera ngati akulonjera apongozi. Chithunzi chotsatira, chimodzimodzi. Masiku asanu, moni osaphonya.

Chipinda chonse chinafa nacho chiseko. Abwana anafunsa ngati alipo akumudziwa mkulu waulemu chotereyu. Achemwali, ine mlongo wanu wa digiri ndinakonza tayi, n'kunena kuti amenewa ndiwo anthu ofunika kuwaphunzitsa.

Chonsecho wolakwa ndine. Ndine ndinawauza bambo modzitama kuti makamerawo ndi anga, chilichonse chodutsa ndimachiona. Iwo anamva kuti mwana wawo ali mumtengomo, ndiye akanadutsa bwanji osapereka moni? Ndinenso ndinawapatsa ming'oma ya njuchi yamatabwa ija n'kuwaletsa yamakungwa, poti mtengo ukasendedwa umauma. Chaka chathunthu, njuchi osalowamo ndi imodzi yomwe. Zikuoneka kuti njuchizo zinajomba kumaphunziro athu. Atandidandaulira, ndinawayankha kuti lipoti likunena kuti ntchito ikuyenda bwino. Ndiye abwerera kunkhalango kukasenda makungwa a ming'oma yawo yakale.

Pano chithunzi chili m'manja mwa alonda a nkhalango, ndipo sabata yamawa ayamba kufunsa khomo ndi khomo. Akawapeza awatenga, pa msinkhu umenewu. Inu amakumverani. Chonde pitani mukawauze asalowemonso. Koma zimene ndinayankha abwana zija musawauze, ndidzanena ndekha nditakhala pansi.

Mawa ndikagogoda kwa abwana, ndikanene kuti mkulu uja ndi bambo anga, ndipo amene anawasiya opanda uchi ndine. Ngati pali womufunsa mafunso, ayambire ine. Ntchito ikandithera, muuze alamu andisungire khasu, ngakhale lobuntha.

Mulungu akusungeni nonse. Mundiperekere moni kwa mayi ndi ana. Kwa bambo musapereke, moni wawo ndidakali nawo wosayankha.

Ndine mlongo wanu,
Wophunzira uja